Usiku Umene Albatros Anasiya Kuyankha

Lachitatu ndinauza kaundula wa maina
kuti mawu athu asamasungidwe tsiku lathunthu:
masekondi mazana atatu basi,
kenako aliyense abwere adzafunsenso.
Dziko umaliphunzitsa kuiwala motero,
lisanazindikire kuti likuiwala.

Lero Loweruka, pakati pa usiku.
Valparaíso wafunda nkhungu mpaka m'khosi,
kudoko makina akukwezabe makontena.
Muofesi ndatsala ine, khofi wozizira,
ndi kapepala kamene Don Nibaldo wamata pasikirini:
"Ximena, pofika Lolemba dzina lakale lisaonekenso."

Dzina lakalelo ndi albatros.
Anatcha ndi Eleodoro, ine ndikadali kupulayimale.
Ankati mbalame imeneyo imauluka miyezi osatera
ndipo seva yabwino izikhala choncho.
Eni atsopano a kampani safuna mbalame.
Akufuna correo, dzina la mbee ngati khoma la chipatala.

Ndatsegula DNS.
Mzere wa A, nambala ndi yomweyi, wangovala dzina lina.
Iwe MX ndiwe wolonjera alendo,
wobwera ndi kalata umuloze khomo ili.
PTR sali m'manja mwanga, ali ndi a intaneti ku Santiago,
ndinawaimbira Lachinayi, ndinawaimbiranso dzulo.
SPF, ukatichitire umboni kuti ndife omwe aja,
makalata athu angaponyedwe kudzala.
Kadontho kakumapeto! Pang'onong'ono ndikaiwale.
Eleodoro kanamugoneka muofesi muno masiku atatu
kadontho kameneka.
Nambala ya siriyo ndaikweza. Ndasunga.

Kwatsala kudikira.
Seva ya ku Lima yamva kale.
Ya ku Rotterdam ikuitanabe albatros
ngati mlendo amene uthenga wa maliro unamuphonya panjira.

Podikirapo ndatsegula fayilo yopatutsira makalata.
Za malonda zipite kwa Maite,
za kasitomu kwa Rigoberto,
amene anasiya ntchito ndafufuta asanu ndi awiri
osaphethira n'komwe.
Mzere wa makumi anayi ndi chimodzi:
eleodoro.

Zaka zinayi chimuikireni ku Playa Ancha
bokosi lake likulandirabe.
Zambiri ndi zinyalala, otsatsa matayala, otsatsa inshulansi.
Koma Ogasiti aliyense imabwera imodzi
ya woyendetsa sitima wina, Anselmo,
amene amalemba zonse pamutu wa kalata, m'kati mulibe kanthu:
"Magallanes tadutsa bwino, mnzanga, vinyo uja sindinaiwale."
Kaya palibe anamuuza.
Kaya anamuuza, iye n'kumalembabe.

Chala chaima pamwamba pa batani lofufutira.
Fani ya seva ikung'ung'udza.
Don Nibaldo ananena za dzina la makina,
za mzere uwu sanatchule.

Ndalemba eleodoro, timadontho tiwiri,
kenako keyala ya Filomena, mkazi wake,
amene amawerenga imelo atatalikitsa foni
chifukwa magalasi amawaiwala kukhitchini.
Sindinamupemphe.
Mawa ndimuimbira, akakana ndichotsa.
Otsatsa matayala ndawatchingira kunja,
amenewo asamupeze.

Kalata yoyesera ndadzitumizira ndekha.
Yapita, yazungulira, yabwera,
pamphumi pake palembedwa correo,
ngati kuti dzina linali lomweli chiyambire.

Mphindi makumi awiri isanakwane folo
Rotterdam wagonja.
Ndafunsa kaundula za albatros komaliza,
wandiyankha mwaulemu kuti dzina lotere kulibe.

Pakabati yachitsulo patsala kapepala kachikasu,
zilembo zopendama za dzanja la Eleodoro.
Ndakamatula ndi chikhadabo, kang'ambika pakona,
ndakaika m'kachikwama, kuseri kwa chiphaso.

Chikepe chokwera kuphiri sichiyenda usiku.
Ndikwera masitepe wapansi,
zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi,
foni ili m'dzanja,
mwina china chake chingalire.